Dzino la Mayi Chibenthu

Chipatala chathu cha mano ndi zipinda ziwiri zokha, pamwamba pa shopu yogulitsa penti. Timathandiza anthu othawa kwawo ndi ena obwera, pamtengo woti ngakhale wotsuka magalimoto amakwanitsa. Ine ntchito yanga ndi kupatsira dokotala zida ndi kugwira kapaipi koyamwa malovu. Pansi, kuseri kwa masitepe, kuli ofesi yofufuza abale otayika, ndipo khoma lake ndi zithunzi zokhazokha.

Amene amakolopa monsemu ndi Mayi Chibenthu. Dzinali tinawapatsa ndife, chifukwa dzino lawo lakutsogolo n'lobenthuka pakona ngati mbale yadothi. Iwo alibe nazo ntchito. Amaseka pakamwa yasa, ndipo ukaponda ponyowa amakusambwadza, kaya ndiwe dokotala. Amalankhula zinenero zitatu, zonse mokalipa, koma wodwala akamanjenjemera pampando, womugwira dzanja amakhala iwowo.

Madokotala atatu adutsa pano, ndipo aliyense akaona dzinolo manja ankamuyabwa. "Amayi, ndi kantchito kakang'ono, komanso kwa inu n'kaulere." Iwo yankho linali limodzi: "Mwasowa odwala kodi? Panjapo pali mzere." Kunena zoona ine zinkandinyansa. Munthu wogwira ntchito kwa dokotala wa mano n'kumayenda ndi dzino lotero, si kutichititsa manyazi kumeneko?

Ndiye chaka chino dzinolo linayamba kuwola. Mlomo unatupa, ndipo anakolopa masiku atatu osaseka, osakalipira munthu. Tsiku lachinayi dokotala wathu watsopano, mtsikana wofatsa, anawakhazika pampando mokakamiza.

"Amayi, lawola mkati," anatero dokotala. "Ndilitsuka, kenako ndiliveka chophimba choyera. Likhala lathunthu, lokongola."

"Lathunthu? Ndiye ndidzukepo apa."

"Mukalisiya tidzazula lonse."

"Adokotala, chotsani manja anu."

Ine mtima unandipsa. "Koma inu amayi, makani amenewa ndi a chiyani? Dzino lobenthuka ndi chuma?"

Analavula thonje n'kundiyang'ana mpaka ndinagwetsa maso.

"Iwe, anandibenthula ndi mwana wanga wamkazi, ndi kapu yachitsulo, ali wakhanda. Akamagona ankaika kachala kake pamenepa. Pothawa nkhondo tinasiyana pamalire, iye lole ina, ine ina, ali ndi zaka zisanu. Papita zaka khumi ndi zinayi. Imvi zabwera, masaya agwa, dzina langa analilemba molakwika pamapepala. Chatsala n'chiyani choti andizindikire nacho? Chimenecho ndiye mukufuna kumata?"

Kapaipi kaja kankangolirabe m'manja mwangamu. Ine amene ndinkawaseka tsiku lililonse ndinasowa poyang'ana.

Kenako dokotala anati, "Tsegulani pakamwa, amayi. Ndiyambe ndalijambula mmene lilili."

Patatha sabata chophimba chinabwera, choyera, chosalala, chopanda chilema. Dokotala anachiveka padzino, anawapatsa Mayi Chibenthu kalilole, n'kuyatsa makina opalira.

"Zaka zonse zija kusukulu," anadandaula, "kuti ndidzabenthule dzino ndi manja angawa. Aphunzitsi anga atandiona akhoza kukomoka."

"Aphunzitsiwo asiyeni. Onjezani pang'ono. Ayi, kumanzereko, kuzipendekera. Mukuopa chiyani, ndi lanu? Eya. Basi, pomwepo!"

Anadziyang'ana nthawi yaitali, akuyendetsa lilime pakona paja. Sanathokoze. Anangoti, "Ndi lomwelo."

Mlomo utaphwa anatsikira ku ofesi ya pansi ija kukasintha chithunzi chawo cha pakhoma, chifukwa chakale chinali chitafwifwa. Ine ndinawatsatira. Bambo wojambula anawaimika pakhoma loyera, iwo n'kumwetulira mano onse pamtunda.

"Mayi, tsekani pakamwa. Malamulo a zithunzi amatero."

"Malamulowo ndi amene akundifunafuna? Ndinawabereka ine? Jambulani, bambo."

Bamboyo anajambula.

Pa zithunzi zonse za pakhoma paja, chawo chokha ndiye chikuonetsa mano. Mwanayo sanabwerebe. Wina atawauza kuti mwina ndi nthawi yoti avomereze, anamufunsa ngati iyeyo anaona manda. M'mawa uliwonse amayamba apukuta fumbi pachithunzicho, pakamwa penipeni, kenako n'kutenga chokolopera.