Kubilida mabuleki kumafuna anthu awiri

Ntchito ya ku esiteti ya fodya kufupi ndi Nambuma anandipezera ndi mkulu wa mpingo wathu, patatha miyezi isanu mkazi wanga, Naphiri, atamwalira. Eni esitetiyo sanaiyang'ane n'komwe setifiketi yanga ya ku koleji ya zaulimi. Anangofunsa ngati ndimatha kuyendetsa pikapu ndi kuikonza ndekha, popeza makaniko anali kutali.

Ndinkatha. Tili ku Msundwe, ine ndi Naphiri tinali ndi pikapu yakale ya apongozi, ndipo tinkaikonza tokha pansi pa mtengo wa mango. Iye ankatsuka fyuluta ya dizilo ikatsekeka. Pobilida mabuleki, ndiko kutulutsa mpweya m'mapaipi, iye ankakhala pampando n'kumapopa pedulo, ine ndili pansi ndi sipanala ya nambala eyiti. Ndikati "Gwira", iye ankapondereza osasiya, ine n'kumasula kanipo ka kutayala kuti mpweya utuluke.

Ku esiteti zonse ndinkachita ndekha. Silinda ya mabuleki ya tayala lakumbuyo la pikapu ya pa esitetipo itayamba kudontha, ndinaisintha Lachiwiri. Pobilida sindinaitane munthu. Ndinapanikiza pedulo ndi thabwa lotsamira kumpando. Mpweya unakana kutuluka, pedulo n'kumangomira mpaka pansi. Ndinaisiya galimotoyo pajeke masiku awiri. Anthu oti andithandize analipo ambiri, koma sindinkafuna kuona mwendo wa munthu wina pamalo pamenepo.

Lachinayi m'mawa anabwera akuthamanga a Nkhoma, kapitawo wachikulire wa matenanti. Mkazi wa tenanti wina wochokera ku Mulanje anali woyembekezera, matenda anamuyamba mwezi wake usanakwane, ndipo ankataya magazi. Ngolo inali itapita kukatenga nkhuni za m'balani. Njira ya kuchipatala cha Nambuma ili ndi chitsikiro chothera pa kamlatho kopapatiza.

"Amuika kale pamphasa panja," anatero. "Tsitsani galimoto."

"Ilibe mabuleki, bambo."

Anayang'ana thabwa lija, kenaka ine. "Ndiye thabwali ndi limene mwalemba ntchito, eti? Ine sindinagwirepo chiwongolero, koma mwendo ndili nawo. Ndiponde pati?"

Ndinadzaza mafuta a mabuleki m'kabotolo kake, ndinawaonetsa a Nkhoma pedulo yapakati, n'kulowa pansi. Tinayambira tayala lakumbuyo kumanzere, lomwe lili kutali kwambiri ndi woyendetsa. "Popani. Popani. Gwirani!" Kanipo kanalavula thovu. Ndinamanga. Tinabwereza kanayi, mpaka mafuta anatuluka opanda thovu.

Pa tayala lachiwiri ndinkamva mayi uja akubuula. Manja anga ankagwira okha ntchito imene ankaidziwa, ndipo pakamwa panachitanso chimodzimodzi.

"Gwira, Naphiri!"

Mawuwo anamveka bwalo lonse. Ndinali nditaitana munthu wamsinkhu wa bambo anga ngati mnzanga, komanso ndi dzina la womwalira. Ndinangogona chagada, sipanala ili m'manja.

"Ndagwira, mwana wanga," anayankha a Nkhoma. "Masula."

Ndinamasula. Titamaliza matayala onse anayi, pedulo inalimba. Pa chitsikiro chija galimoto inamvera. Mayiyo anapulumuka. Mwana sanakhale moyo. Anamwino anati mwina sakanakhalabe ngakhale tikanafika msanga. Ine ndimadziwa kuti tinataya mphindi makumi anayi pa ntchito imene ndikanaimaliza Lachiwiri.

Pobwerera a Nkhoma sananenepo za dzina lija, ndipo sanadzanenepo konse. Titafika anatola thabwa lija n'kuliponya pamulu wa nkhuni.

Ndinagwira pa esitetiyo zaka zitatu. Galimoto sinagonenso pajeke ntchito ili theka, ndipo sindinabilidenso mabuleki ndekha. Ndimaitana munthu, aliyense amene ali pafupi, akhale pampandopo. Mpaka lero ndisananene kuti "Gwirani" ndimayamba ndapuma kaye.