Mbendera ya Achimwene a Malachy

Achimwene anga a Malachy Deasy anavala yunifomu ya mfumu ya Angerezi zaka khumi ndi zinayi, kenaka anamenyana ndi mfumu yomweyo zaka ziwiri. Kuno ku Cork, komwe kale kunkalamulidwa ndi Angerezi, anthu anasankha kukumbuka zaka khumi ndi zinayizo.

Chinawalowetsa usilikali ndi njala. Kamunda ka bambo athu kankabereka miyala yambiri kuposa mbatata. Ku nkhondo ya ku France anatchuka ndi cholembera osati mfuti. Mnzawo akafa, mwambo wa gulu lawo unali woti mayi wake alemberedwe kalata, ndipo ntchitoyo inkagwera iwo. Analembanso kabuku ka ndakatulo kotamanda gululo. Ndinakawerenga kamodzi, n'kuchirikizira mwendo wa tebulo.

Atabwerako mu 1919 anapeza anyamata akwathu atatenga mfuti kuti athamangitse Angerezi, koma ankazigwira ngati makasu. Achimwene sanachedwe kusintha mtima, poti zimene anaona kunjako zinali zitawakwana. Anawaphunzitsa kuwombera, n'kumawalemberanso timapepala tomata m'zipupa. Mtsogoleri wawo, Fintan Culhane, ankawatcha dzanja lake lamanja.

Mu 1921 anabisalira lole ya asilikali pamlatho. Zitatha, achimwene anapeza msilikali wa Chingerezi akutsirizika m'ngalande, adiresi ya mayi wake ili m'thumba. Chizolowezi chilibe mankhwala. Mawa lake analemba kalata yopepesa, anasainapo dzina lawo lonse, n'kukaiponya papositi ya pamudzi pathu pomwe. Mayiyo anaipereka ku nyuzipepala. Pasanathe sabata asilikali anafika n'kutentha nyumba zitatu, kuyambira ya mayi ake a Culhane.

Kuchokera pamenepo palibe anawaitananso. Ufulu unabwera, anzawo anapatsidwa mamendulo, iwo ankakonza mipanda ya anthu. Sanakwatire, sanalembenso kanthu. Ine Honora, mlongo wawo, ndinawaphikira ndi kuwachapira zaka makumi atatu, ndipo sindibisa, masiku ena ndinkadana nawo chifukwa cha kalata ija.

Kwathu kuno munthu amene anamenyera ufulu akamwalira, anzake amafunditsa bokosi lake mbendera, n'kuwomba mfuti katatu pamanda. Achimwene ankapita ku maliro onsewo, n'kuima kumbuyo chipewa chili m'manja. Chifuwa chitawagoneka, anandiitana.

"Iwe Honora, pita kwa Fintan ukandifunsire za mbendera."

"Kafunseni nokha, achimwene. Ine ndatopa."

"Ndipite ndi miyendo iti?"

Ndinavala chikhoti n'kuyenda mitunda itatu. A Culhane ndinawapeza akudyetsa nkhumba.

"A Culhane, munthu uja akupita. Akufunsa za mbendera."

"Akapemphe kwa mfumu yake. Ili nazo zambiri."

"Anakuphunzitsani kugwira mfuti ndani? Pakanapanda iwo bwenzi mutadziwombera phazi."

Anatula ndowa ya chakudya cha nkhumba pang'onopang'ono.

"Chemwali, mayi anga anatha chaka akugona m'khola la ng'ombe, mpaka chisanu chinawapha. Achimwene anuwo, katswiri wa makalata, ine sanandilembere ngakhale mzere umodzi."

Zinali zoona. Pobwerera ndinakhala pamwala m'mbali mwa msewu kanthawi ndithu, mkwiyo wonse utandithera.

"Wati chiyani?" anafunsa achimwene ndisanavule n'komwe chikhoti.

"Avomera."

"Ndi mfuti zomwe?"

"Zonse."

"Ndinkadziwa. Fintan ndi wouma mutu koma si woipa. Undisitire malaya oyera aja, ndisakachititse manyazi mbendera."

Tsiku limenelo anadya dzira lathunthu ndi tiyi makapu awiri, n'kumaimba likhweru. Ndinali ndisanawaonepo atapepukidwa chotero chibwerereni kunkhondo. Anamwalira Lachinayi.

Pamaliro tinalipo anthu asanu ndi anayi. Bokosi linayenda lambulanda, mvula ikuwaza, ndipo okumba manda ankafulumira kuti akamwe mowa wawo.

Loweruka lililonse ndimapita kukalapa. Ndimaulula miseche, ulesi, ngakhale chidani chimene ndinali nacho pa achimwene. Bodza lija sindinalitchulepo, chifukwa wansembe angandifunse ngati ndikumva nalo chisoni.