Anyezi Wotsiriza wa Halimo

Halimo Sanmadi anabadwira m'mbali mwa mtsinje wa Nakha, kum'mwera kwa Bangkok, ndipo kwa zaka makumi atatu ntchito yake inali kukumba anyezi wa m'madzi, chomera chosadyedwa cha mumtsinjemo. Ankalowa madzi olekeza m'chiuno nkumafukula mitu ya anyeziyo ndi chitsulo, amalonda nkumaitumiza kumaiko akunja, kwa anthu oweta nsomba m'mathanki agalasi kuti azikongoletsera mathankiwo. Kenaka kunabwera makina okuza mtsinje. Zimene okumba anasiya, makinawo anamaliza, ndipo padooko la kwawo, pomwe maluwa oyera ankaphimba madzi chaka ndi chaka, panatsala matope.

Mutu umodzi anaupeza utakodwa m'mizu ya mtengo. Anauika m'thanki yagalasi pakhonde, pamodzi ndi tinsomba tinayi, nausamala zaka zisanu ndi chimodzi. Cholinga chake chinali chimodzi: uchite maluwa, ubale mbewu, iye akazibwezere kumtsinje asanafe.

Mpongozi wake Nurisa sankatopa kumuseka.

"Amayi, anyezi wosalowa mumphika ndi anyezi wanji?"

"Nanga iwe umalowa mumphika? Chikhalirecho ndikukudyetsa."

M'mwezi wa Ramadani wa chaka chimenecho, phesi la duwa linatuluka koyamba. Sabata yomweyo chifuwa chinamugwira Halimo, ndipo anakagonekedwa kuchipatala masiku khumi ndi asanu ndi awiri. Pokonzekera Idi, Nurisa anayeretsa nyumba yonse monga mwa mwambo: makatani, mikeka, ngakhale denga. Thanki nayo sanaisiye.

Halimo atabwerera, anaima pakhonde chikwama chili m'manja. Galasi linkawala. Masamba aatali aja anali achikasu, phesi litagwa, mutu wosaoneka.

"Mwaona?" anatero Nurisa akumwetulira. "Mizu inali nyankhalala, ndaidulira. Ndiye mutuwo munkausiya pamwamba pa mchenga uli maliseche, ine ndaufotsera bwinobwino."

"Liti?"

"Tsiku lotsatira mutangopita."

Halimo anadziwa pomwepo. Anyezi ameneyu mizu yokha ndiyo imalowa mumchenga. Mutu ukakwiririka, umaola. Lamuloli anali asanauzepo munthu, pakuti sankaganiza kuti wina angapise dzanja m'thankimo. Anakwinya mkono wa malaya, nafukula mchenga pang'onopang'ono. Chala chake chinalowa m'mutumo ngati m'papaya lakupsa, fungo nkudzaza khonde lonse.

Anapempha mpeni. Anasenda chikhungu chimodzi, chachiwiri, chachitatu, kufunafuna pakati polimba kapena kamwana m'mbali. Anasenda mpaka m'manja munalibe kanthu.

Nurisa anakhala pansi, kumwetulira kutatha. "Amayi, nditukwaneni. Musangokhala chete."

"Ndikutukwane chiyani, mwanangu? Iwe wapha mutu umodzi, ndipo waupha pousambitsa. Ine ndinazula madengu angati?"

"Ndiitanitsa wina ku Bangkok. Amagulitsa, ndaona pafoni."

"Ameneyo adzakhala wa padooko lathu?" anafunsa Halimo.



M'mawa wa Idi Halimo anavala zoyera napita kukapemphera ndi anzake. Pobwerera, achibale anayamba kupemphana chikhululukiro monga zimakhalira tsikulo. Nurisa anagwada nampsompsona dzanja akulira, ndipo Halimo anamukhululukira mokweza, anthu onse akumva. Alendo atayamba kudya, Halimo anatulukira pakhonde, navuula tinsomba tija nkutiika m'beseni, kenaka anayamba kutunga madzi a m'thanki ndi chikho, kuwathira m'dothi.