Maliro a Yamikani m'Chipinda Chopanda Zenera

Chipinda chathu m'sitima yapamadzi ija chinkang'ung'udza usana wonse. Silinali phokoso loti munthu n'kutseka makutu ayi, koma kulira kwa injini kochokera pansi penipeni, kolowera kumapazi n'kukamveka m'mano. Munkanunkhira sopo wa mandimu ndi kapeti yosaonapo dzuwa. Munali timabedi tiwiri, ndipo pakati pake panali kampata kongokwana munthu mmodzi woyenda chammbali. Pakhoma anapachikapo katani, ndiye ine nditangolowa ndinathamanga kukaikoka kuti ndione nyanja. Ndinapeza galasi lodziyang'anira basi, zenera munalibe.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, pa tchuthi chachitali cha Ogasiti. Amayi ankagwira ntchito yosamalira a Doreen, mzungu wokalamba wa ku Romford amene ankayenda pa wilitcheya. Ana a mzunguyo anawakonzera ulendo wa sabata imodzi wozungulira zilumba za kumpoto, koma a Doreen anakana kwamtuwagalu kupita popanda amayi, ndipo amayi nawo analibe pondisiya. Ndi mmene tinakwerera sitima ya pamtunda ku Barking, kumene tinkakhala, mpaka kudoko la Tilbury. A Doreen anawapatsa chipinda cham'mwamba chokhala ndi khonde. Ife anatitsitsira m'mimba mwa sitimayo, kumene ukazimitsa magetsi ngakhale dzanja lako suliona.

Koma ndiye ndinanyinyirika, abale! Anzanga onse akusukulu ndinali nditawauza kuti ndizidzuka n'kumaona anamgumi ndili pabedi. Ndinadandaula m'Chingerezi, poti Chichewa nthawi imeneyo ndinkangomva, kuyankha ayi. Amayi anaseka uku akupachika yunifolomu yawo. "Tadala, nyanja ili panja, miyendo uli nayo. Ukufuna ikupeze pabedi ngati tiyi?"

Masiku awiri oyamba anali okoma, ndisaname. Kumtunda kunali mphepo ya mchere yomata pamilomo, dziwe losambiramo, ndi chakudya choti umangotenga wekha popanda wokuyang'ana. Amayi ankakankha a Doreen kuzungulira sitima yonse atawafunditsa bulangete m'miyendo, ine ndikuthamanga patsogolo kukatsegula zitseko.

Kumudzi ku Balaka ndinali ndi mchimwene wanga, Yamikani, wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Amayi anamusiya kwa akulu awo ali mwana pamene ankabwera kuno kudziko la azungu, ine ndisanabadwe, ndipo mapepala omubweretsera ankangokanika chaka ndi chaka. Sindinamuonepo maso ndi maso. Ndinkamudziwa pa foni ya Lamlungu, pamene ankanditcha Mzungu n'kundikakamiza kunena kuti "ndiwo zathyoledwa", kenako n'kufa nalo phwete.

M'mawa wa tsiku lachitatu sitima inayandikira kumtunda, foni ya amayi n'kugwira netiweki. Tinali pa chakudya cham'mawa. Foni inalira kangapo motsatizana, amayi anawerenga, kenako anaibweza m'chikwama. Yamikani anali atagundidwa ndi lole madzulo a dzulo lake akuchokera kumsika pa njinga, ndipo mwambo woika maliro unali mawa lake 2 koloko masana. Ngakhale akanatsika pomwepo, sakanaupeza. Ndikukumbukira bwino kuti anamaliza kudyetsa a Doreen phala, supuni ndi supuni, n'kuwapukuta pakamwa.

Ine sanandiuze. Kwathu mwana samuuza za imfa chisawawa, amadikira pakhale akuluakulu omugwira. A Doreen nawonso sanawauze, chifukwa pa ntchito yawo mavuto ako umawasiya pakhomo, ndipo amayi ankadziwa kuti mayi wokalambayo sadzakweranso sitima ina. Choncho maliro onse anawatengera m'kachipinda kathu kaja.

Masana omwewo ndinawapeza amayi atavula ndolo, atamanga duku, atayala chitenje pa kapeti pakati pa mabedi aja. Anakhala pansi atatambalala miyendo, msana atatsamira khoma. Wotchi yawo anaipititsa patsogolo ndi ola limodzi kuti iziwerenga nthawi ya kumudzi. Kenako analowa m'bafa, anatsegula shawa, ndipo ndinkamva ngati munthu akutsamwa m'tawulo. Ine ndinati basi, nyanja yawazunguza mutu, akusanza. Nthawi ya shifiti itakwana anavula duku, anasamba kumaso, n'kukwera kukaseka ndi a Doreen.

Sanagonenso pabedi. Izi zinandinyansa kwambiri, chifukwa kampata kaja kanali njira yanga yopitira kuchimbudzi. Ndinkawalumpha miyendo, chinthu chimene kunyumba chikanandipezetsa khofi pamutu, koma apa ankangondisiya. Ndinkaganiza kuti ndi chimidzi chabe. Ndinkati anthu atipatsa bedi la zofunda zoyera, inu n'kusankha pansi pamene aliyense amapondapo ndi nsapato?

Mayi amene ankakonza m'chipinda chathu anali wa ku Philippines, wamkulu ndithu, wa imvi m'mbali. Mawa lake m'mawa anapeza chitenje chili pansi, ine ndili ndekha. Ndinachita manyazi, ndinafulumira kumuuza kuti achichotse, amayi anga amachita zachilendo nthawi zina. Iye anayang'ana chitenjecho, duku lopindidwa pamwamba pake, ndi kachithunzi ka Yamikani kamene amayi anakatsamiritsa ku mwendo wa bedi. Sanachotse kanthu. Anagwada, anawongola chitenjecho bwinobwino, n'kuikapo pilo. Ine ndinangoti naye ndi wachimidzi.

Tsiku limenelo a Doreen atadya nkhomaliro anagona, amayi n'kupeza mpata wa ola limodzi. M'sitima inali 1 koloko, ku Balaka 2 koloko. Nthawi yomweyonso kudziwe kunali masewera a ana osaka chuma chobisika, ndi ayisikirimu, ndipo ine ndinali nditavala kale zosambira. Amayi analowa, anamanga duku, anakhala pa chitenje chija n'kuvula wotchi kuiika pamwendo. Maso awo anali ofiira ngati a munthu wophika ndi nkhuni zaziwisi. Anagunda pansi ndi chikhato, pambali pawo.

"Tadala, takhala nane pansi pano pang'ono."

Ndinayankha m'Chingerezi, mokweza. Ndinati pansipo ndi pauve, m'chipindamo ndi mondibanika, ndipo anzanga ayamba popanda ine. Ndinawonjezeranso kuti chiyambire dzulo akungondionongera holide. Mawu amenewo ndimawamvabe mpaka lero, ndipo amandiwawa.

Ndinkadikira kuti andikalipira, poti amayi anga si munthu woyankhidwa choncho. Koma anangoti, "Pita, mayi. Usathamange pamadzi."

M'zipinda zimenezo magetsi ankayaka pokhapokha khadi lotsegulira chitseko likhale m'kabowo kake pakhoma. Khadi limene linalimo linali langa. Ndinalisolola osaganiza n'komwe, chitseko n'kudzitseka kumbuyo kwanga, ine liwiro kulowera ku chikepe. La amayi linali m'chikwama pabedi, koma sanadzuke kukalitenga. Pamene ku Balaka ankatsitsira mwana wawo m'manda, amayi anali pansi okhaokha mu mdima wa ndiweyani, m'kati mwa sitima yodzaza anthu oseka. Ine ndinapambana kachipewa ka pepala.

Masiku otsalawo anatha chimodzimodzi. Amayi ankakankha wilitcheya, kujambula a Doreen zithunzi ndi kuwadulira nyama m'mbale. Potsika ku Tilbury a Doreen anawagwira dzanja n'kunena kuti sanasangalalepo chonchi chimwalirireni amuna awo. Amayi anawakonzera kolala ya jekete, nati nawonso asangalala.

Titafika ku Barking, ndinaona nsapato za azimayi zitadzaza pakhomo la fulati yathu mpaka pa masitepe. Makiyi tinali titawasiyira a Nachisale, mnzawo wa amayi wa kutchalitchi. Anali ataimika sofa kukhoma, tebulo atalitulutsa, ndipo azimayi a Mvano anali atakhala pansi mothithikana, ena akadali m'mayunifolomu a kuchipatala, onse m'maduku. Amayi anaponya sutikesi pakhomo pomwepo. Kulira kumene anakusunga masiku asanu kunatuluka konse nthawi imodzi.

"Mwana wanga ine! Yamikani, anakukwirira ine kulibe!"

Azimayi aja anawalandira asanagwe, n'kuwakhazika pakati pawo. A Nachisale anandikokera pansi, anandiika pamiyendo pawo, n'kundiuza pang'onopang'ono kuti mchimwene wanga watisiya. Ndinayang'ana chipinda chonsecho. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anakhala pampando, ndipo ambiri sankalankhula kanthu. Anangokhala.

Ndili mwana ndinkaona ngati amayi akufuna kundimana masewera chifukwa iwo sakupeza bwino. Nditakula ndakhalapo pa maliro ambiri, ku Tottenham, ku Romford, ngakhale ku Balaka komweko, ndipo ndaona kuti kwathu wofedwa sasiyidwa yekha. Safuna kuti umuuze zanzeru, amangofuna mwendo wa munthu wina pafupi ndi wake. M'sitima yonse ija wachibale anali mmodzi yekha, ndipo anamupempha kamodzi kokha.

Zinanditengera zaka khumi ndi zisanu kuti ndiwapepese. Tinali m'khitchini, iwo akusenda mbatata, ndipo ndinanena m'Chichewa, chimene ndinachita kuchiphunzira mochedwa. Ndinawafunsa zimene ankaganiza magetsi aja atazima. Sanasiye kusenda.

"Ndinkamvetsera mapazi ako akuthamanga," anatero amayi. "Ndinati mumtima, bola mmodzi akuthamanga."