Jekete la pa Msomali

Mumsewu wonse ankangowatchula kuti Atelala. Anasoka zaka makumi atatu osaphonya bowo la singano, koma chaka chimene amuna awo anamwalira, bowolo linayamba kuwazemba. Ankatambasula mkono kuti alione, mkono n'kuperewera. Tsiku lina anasokera thumba chadodolido, mwini thalauza n'kusamukira kwa telala wina. Anzake awiri anamutsatira.

Mwana wawo wamkazi anawakokera kwa woyeza maso, bambo wadazi wokonda nthabwala.

"Mayi, mukuti mkono wafupika?" anatero akuseka. "M'diso muli kagalasi kamene kamadzipinda mukamayang'ana pafupi. Kanu kauma. Magalasi awa agwira ntchito yake, koma amaona pafupi pokha. Muli ndi tepi, eti? Mainchesi 16 kuchokera pamphuno. Kupitirira pamenepo ndi nkhungu."

M'mawa mwake ulusi unalowa kamodzi n'kamodzi. Atelala anapalasa makina mpaka mzere kutha, n'kudzutsa mutu. Pachitseko panaima amuna awo, phewa lamanzere litagwa, monga ankaimira podikira kuti makina akhale chete ndiye alankhule.

Anavula magalasi. Linali jekete lamalemu, pa msomali wa pachitseko pomwe analisiya. Anavalanso, munthu uja n'kubwerera.

Magalasi anagona masiku atatu m'dirowa, pakati pa mabatani. Mayunifolomu a sukulu anaunjikana pampando, ndipo eni ake anayamba kusuzumira pawindo.

"Amayi, mukuthawa nsalu?" anafunsa mwana uja atamva nkhaniyo. "Ndilichotse, tikawapatse amalume. Apo ayi makinawa tigulitsa."

Analipachula, nalipinda pamkono. Atelala anavala magalasi, nayang'ana. Chitseko chinali mbee, nkhungu yokhayokha, yopanda woimamo. Anayang'ana nthawi yaitali. Mantha aja anali ataperekeza jekete, koma chimene chinatsala chinawalemera kuposa mantha.

"Libwezere."

"Amayi, ndi nsalu chabe."

"Ukuuza ine? Kolalayo ndinatembenuza ndine, kawiri. Libwezere, phewa ligwe mbali yomweyo."

Mayunifolomu anatha sabata yomweyo, ndipo mwini thalauza uja anabwerera ndi manyazi ake. Masiku ano Atelala akafika pakati pa mzere, sadzutsa mutu. Obwera kudzayeza zovala amawamva akunong'ona, maso ali pa singano:

"Dikirani pang'ono, bambo, ndimalize apa."