Tsitsi la aNambewe m'Thumba la Epuloni

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha mutu wa azakhali anga. Nditalemba mayeso a Fomu 4 ndinangokhala pakhomo ku Mtakataka, kumaluka anzanga pansi pa mtengo wa mango popanda cholowa. Tsiku lina ndinawaluka mizere azakhaliwo, omwe ankagulitsa tomato pa Golomoti, ndipo mayi wina wa saluni pamsikapo anawaimitsa n'kufunsa amene anawagwira m'mutu. Sabata yotsatira ndinali m'minibasi, kachikwama pamiyendo, mtima uli m'mwamba.

Mwini saluniyo tinkangowatchula kuti Anti Joyi. Saluni yawo inali kachipinda kamodzi kuseri kwa magolosale. Munali galasi lalikulu, mipando iwiri, benchi la odikira, beseni, zipeso za mano akuluakulu, kachipeso kamchira kogawira mizere, ndi draya imodzi yomwe inkapuma magetsi akazima. Madzi ndinkatunga ndine kumjigo. Kutentha kwa kuchigwa kuno mukukudziwa, pofika masana mafuta a tsitsi ankasungunuka okha m'botolo.

Anti anandiphunzitsa kumasula meshi osadula tsitsi la munthu, kupesa kuyambira kunsonga kupita kumizu, ndi kupaka vaselini pachipumi ndi m'makutu usanaike mankhwala owongola. Koma lamulo lawo lalikulu silinali la luso. Tsitsi lililonse lothothoka m'mutu mwa kasitomala tinkalichotsa pachipeso, kulikulunga m'kapepala n'kumupatsa m'manja. Ena ankakaliponya m'chimbudzi, ena ankakaliwotcha. Kwathu kuno munthu sasiya tsitsi lake kwa eni, amaopa kuti wina angakamuchitire nalo chipongwe. Ngakhale amayi opemphera, a korona m'khosi, kapepalako ankakalandira ndithu.

"Tsitsi ndi la mwini wake, ngakhale litagwa pansi," Anti ankatero.

Mwa makasitomala onse, amene ankakonda dzanja langa anali aNambewe, mayi wopikula mpunga ku Bwanje n'kumagulitsa pamsika. Ankati ndimaluka mothina, meshi imakhalitsa, ndipo ine ndinkanyada nazo. Pamene ndinkayamba ntchito anali mayi wathupi, akakhala pansi mpando unkadandaula. Kenaka kuchipatala anawauza kuti shuga ndi kuthamanga kwa magazi zakwera, achepetse thupi. Iwo poti sachita zinthu mwatheka, anangotsala pang'ono kusiyiratu kudya. M'mawa tiyi wopanda shuga, masana masamba owiritsa, madzulo kanthochi kamodzi. M'miyezi yochepa madiresi onse anayamba kuwalendewera. Pamsika manong'onong'o anayamba, mukudziwa zimene anthu amanena munthu akaonda msanga.

Tsiku lovutalo linali la msika. Anti anali atatuluka kukagula meshi kwa anyamata obwera nayo kuchokera ku Lilongwe. Pabenchi panali amayi awiri odikira, a mtundu uja woti nkhani ikalowa m'khutu lawo pofika madzulo yafika ku Mua. ANambewe anakhala pampando nati ndiwamasule, ndiwatsuke, ndiwalukenso.

Nditamasula mzere woyamba ndinazindikira kuti zinthu sizili bwino. Tsitsi lomwe lakhala m'meshi kwa nthawi limathothoka ndithu, zimenezo n'zachizolowezi. Koma ili linkangotsatira zala zanga. Ndikapititsa chipeso kamodzi, chinkabwera chodzaza. M'mbali mwa mutu khungu linkaonekera. Ndinaganiza kuti akaliona anena kuti ndawazula ndine ndi kuluka kwanga kothina kuja. Ndinaganizanso za amayi awiri aja, maso awo ali pagalasi, ndi zimene akanapita kukanena za aNambewe. Mantha ndi chisoni zinandigwira pamodzi, nzeru n'kundithawa. Ndinayamba kulipinda tsitsilo m'dzanja n'kumalilowetsa m'thumba la epuloni, pachipeso n'kumasiyapo lochepa loti ndikulunge m'kapepala.

Thumbalo linali laling'ono. Nditawerama kuti ndinyamule ndowa ya madzi, mpukutu wonse unagwera pasimenti.

"Iii, tsitsi limenelo akupita nalo kuti mwanayu?" anafunsa mmodzi wa amayi aja, mokweza kuti ndi akunja omwe amve.

ANambewe anatembenuka. Anayang'ana pansi, anayang'ana thumba langa, kenaka anadzigwira m'mutu. Sindidzaiwala nkhope yawo.

"Iwe mwana, wakutuma ndani?" anandifunsa aNambewe. "Masabata onsewa ndikudzuka tsitsi lili papilo, ndimadabwa. Chiyambireni kundigwira iwe! Tchula amene wakutuma!"

Ukapezeka ndi tsitsi la munthu m'thumba, ungafotokoze chiyani? Pakhomo anthu anayamba kudzaza, a kabaza ndi ogulitsa mandasi omwe. Ndinamva wina akuti, "Ana a masiku ano, akufuna kukhwima akadali aang'ono." Ndinadziwa kuti dzina limenelo likandimata silidzachokanso, ndipo palibe amene adzandipatsenso mutu wake kuyambira pa Golomoti mpaka kwathu.

Anti Joyi anafika akudzipanikiza pakati pa anthu. Anatulutsa aliyense, amayi apabenchi aja omwe, n'kutseka chitseko. Anandifunsa mawu amodzi okha, "Chifukwa?" Ndinanena zoona misozi ili chuchuchu, kuti ndinaopa kuti aNambewe angaone kuchuluka kwake. Anti anangopukusa mutu. Anatola tsitsi lija, analiyala pathaulo loyera n'kuliika pamiyendo pa mwini wake.

"Mayi, taonani kuno. Tsitsi lililonse lili ndi kamutu koyera kumapeto. Lodulidwa kapena lopsa ndi mankhwala silikhala nako. Ili lachoka lokha kumizu. Munayamba liti kudzimana chakudya?"

ANambewe anati papita miyezi itatu kapena kuposerapo.

"Ndi nthawi yake imeneyo. Thupi likadzidzimuka limayamba lasamala mtima ndi magazi, tsitsi limalisiya kaye, ndiye limadzagwa pambuyo. Ine langa linatha chonchi nditachira kwa mwana wachiwiri. Limamera, koma silimera ndi njala."

Anawauza kuti abwerere kuchipatala akanene mmene akudyera, akawayezenso magazi. Anati adokotala sananene kuti asiye usipa, mazira, nyemba ndi ndiwo zotendera. Meshi anakana kuwaluka, mankhwala owongola anati asayerekeze, azingotsuka, kupaka mafuta pang'ono ndi kupesa ndi chipeso cha mano akuluakulu. ANambewe anaimirira. Anakulunga tsitsi lonse, anabwera pamene ndinaima, n'kutembenuza thumba la epuloni yanga ndi dzanja lawo, kutola ngakhale katsitsi kotsalira mumsoko. Anamanga duku n'kutuluka osatsanzika.

Anti sanandichotse ntchito, koma anandiuza mosapsatira. "Chisoni chako chatipweteka tonse. Ngati tsitsi lija silimera, ine sindingathe kukusunga."

Miyezi yotsatirayo inali yowawa. Kasitomala akalowa ankayamba wandiyang'ana, kenaka n'kuuza Anti chapansipansi kuti, "Asandigwire uyo." Ngakhale kusesa anandiletsa, poti chosesedwa m'saluni ndi tsitsi. Ntchito yanga inatsala kutunga madzi ndi kuchapa mathaulo. Azakhali ankandiuza kuti ndibwerere kumudzi, koma ndinkadziwa kuti ndikachoka anthu anena kuti wathawa, ndiye kuti zinali zoona. Chakudya sichinkalowa. Tsiku lina ndikupesa tsitsi langa ndinaona likuchuluka pachipeso, ndipo ndinaseka ndekha ngati wamisala.

Moyo wanga wonse unali pamutu pa munthu wina. Popita kumjigo ndinkadzera dala kumzere wa mpunga, maso ali paduku la aNambewe, ngati ndingaone kudutsa nsaluyo. Iwo ankayang'ana kumbali. Kutchalitchi anzanga ankapempherera mayeso ndi mabanja, ine ndinkapempherera tsitsi. Tsiku lina ndinawaona akudya chinangwa ndi matemba okazinga pabenchi lawo, ndipo ndinasangalala ngati ndadya ndine.

Mvula itatha, tsiku linanso la msika, aNambewe analowa m'saluni. Benchi linali lodzaza. Ine ndinali pakona ndi ndowa yanga. Sanabwerere kunenepa kwakale, koma nkhope inali itadzaza, khungu likuwala. Anakhala pampando n'kumasula duku okha. M'mbali monse muja munkaonekera khungu munali titsitsi tatifupi tothithikana, tangoti njo ngati mbande za mpunga panazale.

Anti anatenga chipeso, koma aNambewe anakweza dzanja.

"Ayi, andigwire yemwe uja. Kuchipatala anati magazi anali ochepa, anandipatsa mankhwala, anandikalipiranso za kadyedwe. Bwera kuno iwe. Koma zothina zako zija usayambe."

Ndinawatsuka ndi madzi ofunda, ndinapesa kuyambira kunsonga, ndinawaluka mizere ikuluikulu yomasuka, titsitsi tatsopanoto osatikhudza. Aliyense m'saluni ankayang'ana manja anga. Nditamaliza ndinachotsa lomwe linali pachipeso, lochepa zedi, n'kuwaonetsa padzanja ndisanalikulunge. Analandira kapepalako, n'kunena mokweza kuti apabenchi amve, "Mwanayu sanandilodze. Anangopusa." Anthu anaseka, ndipo sindinayambe ndakondwapo chonchija ndi kutchedwa wopusa.

Ndikadali pantchito yomweyi, ndipo pano ndili ndi kasaluni kanga. Amabwera ambiri otere, wina wachira kumene, wina wadwala nthawi yaitali, wina wachepetsa thupi mothamanga. Chipeso chikabwera chodzaza mtima umagundabe, koma ndimaimitsa ntchito, ndimamuonetsa mwini mutu lonse mmene lilili, ndimamufunsa zimene zamuchitikira miyezi yapitayi, n'kumuuza kuti akayezetse kuchipatala. Munthu ndi bwino alire ataona yekha kusiyana n'kuti adzatulukire kuti unamubisira. Atsikana amene ndimawaphunzitsa amadandaula kuti alibe poika foni, poti maepuloni onse a m'saluni mwanga ndinawasoketsa opanda matumba.