Nambala Imene Ndinasiya Kunja

A boma ananditumiza ku Mzimba kukaphunzitsa sayansi ndisanamalize n'komwe digiri yanga yachiwiri. Anandiitanitsa mwadzidzidzi kuchokera kunja kumene ndinkaphunzira, ndipo pasipoti inatsala m'manja mwawo pabwalo la ndege. Mphunzitsi wanga wa kunjako anati ndikalembere kwathu ntchito ya digiriyo, bola imupeze chaka chisanathe.

Ntchito yanga inali yowerengetsa mphamvu za mamolekyulu pa kompyuta. Mapepala otuluka m'makinamo anadzaza katoni, koma anzanga anandiopseza kuti kulowa m'dziko muno ndi mapepala a manambala okhaokha n'kudziputira mavuto. Choncho ndinakopera zofunika m'kope, mapepalawo n'kutaya.

Zofunika zake ziti! Uchitsiru wanga. Pa molekyulu iliyonse kompyuta inkapereka manambala awiri. Ina yaikulu, ya mphamvu zonse za m'molekyulumo. Ina yaing'ono, yonena kutentha kotuluka kapena kolowa molekyulu ikamapangidwa kuchokera ku zinthu zake zoyambira. Ndi phuma la ulendo ndinakopera yaikuluyo, poona kuti ndiyo yooneka yaulemu.

Ndinazindikira nditakhala kale patebulo ku Mzimba. Yaing'onoyo ndiyo imayerekezedwa ndi zimene anthu anayeza mu labotale. Yaikuluyo ili ngati kuyeza fodya pamodzi ndi ngolo yake: uyenera kudziwa kulemera kwa ngolo kuti uchotsere. Ndinkasowa tsamba limodzi lokha, la manambala ochotsera a kaboni, haidrojeni, okosijeni ndi naitirojeni. Tsamba limodzi, anthuni!

Ndinapempha ahedi kuti ndipite kum'mwera ndikafufuze m'nyumba ya mabuku ya pa yunivesite. Iwo, ponditchula mphunzitsi m'chiyankhulo cha kumeneko, anati, "Ndapota, asambizgi, munthu wochokera kunja ngati inu akamayendayenda, amene amafunsidwa ndine." Sindinawakwiyire. Nawonso anali ndi ana.

Ndiye ndinalembera mphunzitsi wanga uja. Miyezi iwiri ndinkapalasa njinga kupita pa boma kukayang'ana yankho ku positi Lachisanu lililonse, fumbi mpaka m'makutu. Kalata itafika, inali yomatidwa kawiri. M'kati anati, "Ndakuikiramo tsambalo." Ndinakutumula emvulopu ngati wamisala, koma munalibe kanthu.

Patapita masiku anandiitana ku ofesi ina yopanda chikwangwani. Bambo wina wovala jekete, woyankhula Chichewa cha kwathu ku Dowa, anandipatsa mpando mwaulemu. Tsamba langa linali patebulo pake.

"Achimwene, manambala awa akupita kwa yani?"

Ndinafotokoza za maatomu, za kutentha, za digiri. Pakamwa pakuyankhula, maso ali pa pepala. Linali chadodolido kwa ine, loyang'ana kwa iye, ndipo ndinkaliwerenga chomwecho, mtima uli phaphapha. Ndinatalikitsa dala nkhaniyo kuti ndiloweze.

"Mukuyang'ana chiyani?" anafunsa, n'kulitsekera mu dirowa. "Pitani mukaphunzitse ana. Ndipo makalata akunjawa muyambe mwaleka."

Ndinatuluka ndikung'ung'udza manambala ngati mwana wa sitandade wani. Mayi wina wogulitsa tomato anandipatsa moni, sindinayankhe, kuopa kuti angandithawe m'mutu. Kuseri kwa msika ndinatulutsa cholembera n'kulemba pachikhatho.

Ya kaboni inatuluka yonse. Ya haidrojeni theka. Zinazo zinali zitapita. Ndinaima pamenepo dzuwa likuswa mtengo, ndikuyang'ana dzanja langa, ndipo ndinalira, chifukwa panalibe molekyulu ngakhale imodzi m'kope langa yopangidwa ndi kaboni yekha.